Chimanga Chimene Chinakana Buku

A Whiteson Shawa anali ndi mawu awo amene ana a pasukulu ina ya ku Kasenengwa ankawadziwa kuposa nyimbo ya fuko. Akadontheza mankhwala m'kabotolo, n'kukhutchumula, madzi aja n'kungokhala mbee monga analili, iwo sankatekeseka ayi. Ankakweza kabotoloko kuti aliyense aone, n'kunena ndi liwu lawo la paguwa lija: "Apa zimayenera kusanduka buluu. Lembani kuti zasanduka buluu." Ana n'kuwerama, n'kulemba.

Musafulumire kuwaseka akuluwa. Mankhwala a m'labu ya pasukulupo anafika chaka chimene Enoch, mwana wawo woyamba, ankayamba Giredi 1, ndipo pofika nthawi ya nkhani inoyi Enoch anali atakwatira. Nanga akanatani? Mayeso safunsa chimene mwana anaona, amafunsa chimene chili m'buku, ndipo ana ophunzitsidwa ndi a Shawa ankakhoza. Komanso pakati pa aphunzitsi a sayansi a masiku amenewo panali lamulo losalembedwa: chinthu chikakukanika pamaso pa ana, wolakwa ndiwe, ndipo manyazi akewo uwakwirire msanga ngati mphaka. Onse ankatero. A Shawa ankangowaposa anzawo pa liwu, poti analinso mkulu wa mpingo, mwana wa mphunzitsi wa ku mishoni ya Tamanda.

Pa tchuthi cha Ogasiti mu 1994, zitatsala zaka zochepa kuti apume pantchito, anaitanidwa ku Chipata ku maphunziro a aphunzitsi a sayansi, amene anzawo ankangoti wekishopu. Anapita ndithu, koma kunena zoona chimene chinawakokera kutauni chinali tiyi wa mkaka ndi matayala a njinga a m'masitolo a ku Down Shops. Munthu wa imvi n'kumuphunzitsanso kagwiridwe ka choko?

Wotsogolera anali Mayi Mainess Chulu a ku koleji ya aphunzitsi, munthu wamfupi, wa mawu otsika, amene pomuona sukanati angaletse phokoso ngakhale m'kalasi ya tiana. Pabolodi sanalembepo kanthu. Pa tebulo lililonse anaikapo mbale ya madzi, makandulo ndi botolo la kukamwa kwakukulu, n'kuwauza aphunzitsi kuti ayatse kandulo m'mbalemo, aivundikire ndi botolo. Kandulo inazima, madzi n'kukwera m'botolo.

"Mwaona chiyani?" anafunsa Mayi Chulu.

A Shawa anayankhira gulu lonse, kuti moto wadya okosijeni ndipo madzi alowa m'malo mwake. Ngakhale tsamba la buku pamene zinalembedwa ankalidziwa.

"Zikomo, a Shawa. Koma sindinafunse zimene mudziwa. Ndafunsa zimene mwaona. Tayatsani makandulo atatu pamodzi."

Madzi anakwera kuposa poyamba.

"Botolo ndi lomwelo, mpweya wake ndi womwewo. Nanga bwanji tsopano madzi achuluka?"

Atafunsa choncho anakhala pampando, napinda manja, n'kungoti duu. Abale, kukhala chete kwa mayi ameneyu! Aphunzitsi anayang'anana, ena kutsokomola, ena kufunafuna m'thumba cholembera chimene chinali kale m'manja. A Shawa, amene kukhala chete kunkawayabwa ngati chitedze, anadikira kuti mayiyo anene yankho. Sananene. Belu la tiyi linalira, sananenebe.

Amene anayamba kutsegula pakamwa anali Boyd Kasonde, mnyamata wa Chibemba amene ankaphunzitsa ku Chipangali. Paja Angoni ndi Abemba ali pa chimbuya, ubale wanthabwala uja umene umalola Mubemba kunyogodola Mngoni pagulu, kaya ndi wamkulu bwanji, popanda mlandu. Ndipo Mngoni akamwalira, ndi Mubemba yemweyo amene amaseketsa anthu pamaliro potchula zophonya zake. Boyd atangomva kuti Shawa ndi Mngoni, anaona kuti wapeza ndiwo za sabata yonse.

"Ba mbuya, tiyeni ku tiyi," anatero. "Imwe a kum'mawa sayansi imene mudziwa ni yokumba mbewa chabe. Izi siyani."

"Pita iwe wodya anyani, usandisokoneze," anayankha a Shawa, osatembenuka n'komwe.

Tiyi wa mkaka uja anazizira iwo ali patebulo. Anayatsa, navundikira, nayatsanso, nkhope pafupi ndi mbale mpaka nsidze zinawauka. Kenaka anaona. Pamene botolo linkatsika, tithovu tinkathawira kunja pansi pake. Mpweya wotentha unkatuluka, ndipo wotsalawo ukazizira, madzi ankalowa. Makandulo ambiri, kutenthanso kwambiri. Anakuwa ngati mwana wotola ndalama panjira, Mayi Chulu n'kubwera kudzasuzumira.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, a Shawa," anatero akumwetulira. "Tsopano kaganizeni: ana anu mwawamana zotere kangati?"

Funso limenelo linawalasa, ndipo anabwerera nalo kwawo pamodzi ndi matayala. Pa tsiku lomaliza Mayi Chulu anagawa ntchito. Aliyense akalole ana kusankha funso lawolawo, alifufuze okha, mphunzitsi osanena yankho. M'mwezi wa Malichi gulu lonse lidzakwera lole kukaona sukulu imodzi, ndipo sukulu imene anasankha inali ya a Shawa.

Masabata oyamba zinali zomvetsa chisoni. Ana a Giredi 8 atauzidwa kuti afunse chilichonse chimene akufuna kudziwa, anayesa ndi msampha. Anangoti zii, maso padesiki. A Shawa ankaima kutsogolo akudikira monga anaonera kwa Mayi Chulu, atafinya choko m'manja mpaka kuthyoka, mawu akuwawira pakhosi. Anatha choko chambiri mwezi umenewo popanda kulemba.

Tsiku lina dzanja linakwera pa benchi ya kumbuyo, mwamanyazi, kungofika paphewa. Linali la Ketilina Daka, mtsikana wa kutsidya kwa dambo amene chiyambire chaka a Shawa anali asanamvepo liwu lake kupatula poyankha dzina.

"Aphunzitsi, atate akuti chaka chino feteleza sagula, wadula. Ndifuna kudziwa, chimanga chopanda feteleza chimachepa motani? Pang'ono chabe, kapena kwambiri?"

Yankho linali pamlomo pa a Shawa. Analimeza.

"Ungadziwe bwanji iwe mwini?" anafunsa.

Ketilina anaganiza nthawi yaitali, kalasi yonse ikumuyang'ana. "Kubzala," anatero.

Mvula itagwa, sukulu isanatseke, ana analima ndime zitatu kuseri kwa labu: ina ya feteleza, ina ya manyowa a ng'ombe, ina yopanda kanthu. Mbewu imodzi, tsiku limodzi, mizere yofanana. Ketilina ndiye analemba zikwangwani zitatu ndi penti yotsala pa zitseko, n'kuzikhomera pa timitengo. Pa ndime iliyonse anaimikapo nsungwi, ndipo Lachisanu lililonse ankasema chizindikiro pamene chimanga chafika. Ngakhale pa tchuthi ankawoloka dambo kudzaona.

Kuyambira pamenepo mtsikana uja anakhala ngati mpopi wothyoka. Bwanji masamba a m'munsi amayamba ndiwo kuchita chikasu? Bwanji nyerere zimakonda phesi ili osati ilo? Ndani anayeza kuti dzuwa lili kutali chotero, nanga anayeza ndi chiyani? Anzake anatengera. A Shawa ankafika kunyumba atatopa, koma akuseka okha panjira, mpaka akazi awo, a Lusiya, anayamba kukayika.

"Atate a Enoch, kusukuluko kwabwera mphunzitsi wamkazi watsopano kapena?"

"Ayi, amake Enoch, ndi mwana. Tamverani. Ana amene ndawakhozetsa mayeso ndi ambiri, ena ndi manesi, ena ali m'maofesi ku Lusaka, koma onsewo ankanena zimene ine ndawauza. Uyu yekha akunena zimene maso ake aona. Ndikamutulutsa pasukulu pano ali chomwecho, ndidzapita ku penshoni nditaphunzitsako munthu mmodzi."

Ankanena zoona, ndipo m'moyo wawo wonse wa ntchito panalibe chinthu chimene anachifunapo chotere.

Mu Januwale ana aja analowa Giredi 9, ndipo mvula inadula. Ng'amba inakhalitsa, minda ya anthu n'kufota. Mvula itabweranso, kuseri kwa labu kunaoneka malodza. Ndime yopanda kanthu inali biriwiri, mapesi onenepa, msinkhu kupitirira munthu. Ya manyowa inali pakatikati. Ya feteleza, imene buku linkati ipambana, inali yopinimbira, masamba opsa m'mbali, ngayaye zitatuluka chimanga chili m'chiuno.

Ana anaima mozungulira, kudikira kuti aphunzitsi anena chiyani. Ndikhulupirira ena anali atakonzeka kale kumva kuti apa zimayenera kukula, lembani kuti zakula. A Shawa anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Sindidziwa," anatero.

Mawu amenewa anali asanawatulutsepo pamaso pa mwana wa sukulu, ndipo anadabwa kuti sanawawe. Ana anaphulika. Wina anati feteleza anawotcha mizu poti mvula inasowa. Wina anati agogo ake anamuuza kuti kale pamalopo panali khola. Wina anati panali chulu chimene anachigumula pomanga labu. Winanso anati ndi mankhwala a alonda, kalasi yonse n'kufa nazo kuseka. Ketilina sanaseke. Anali atanjuta, akufikisa dothi m'zala.

"Aphunzitsi, titenge dothi la ndime iliyonse tiike m'zitini, tibzalemo, tizithirira mofanana. Ngati ndi dothi, zidzaoneka. Ngati ndi ng'amba, zidzaonekanso."

Madzulo omwewo a Shawa anasesa zitini zonse za mafuta a saladi m'khitchini mwa akazi awo, a Lusiya akudandaula kuti azitungira chiyani madzi. Ketilina anazibowola pansi, nazidzaza dothi, nazindandalika m'mbali mwa khoma la labu. Posakhalitsa timbewu tinatuluka, ndipo m'mawa uliwonse ankayamba wadutsa kumeneko asanalowe m'kalasi.

Kumapeto kwa Febuluwale a Shawa anapita kutauni kukalandira malipiro, ndipo pamzere wa kubanki anakumana ndi Boyd. Mnyamatayo anakuwa ali patali, anthu onse kutembenuka.

"Ba mbuya! Tibwera Mande ya mawa kuona munda wanu. Manje mukonzeke bwino. Ngati mwaphonya, nizakamba pamaliro yanu, anthu onse amvere kuti uyu mudala anaphunzitsa sayansi mpaka imvi, koma kuthira feteleza kunamukanga!"

Anthu pamzere anaseka, a Shawa nawonso anaseka, n'kubweza ya anyani ija. Koma pa njinga pobwerera mawuwo anawakhala pamtima. Boyd ankangonena, sankadziwa kanthu, komatu anaponya mwala m'tchire n'kugenda penipeni. Anayamba kuona lole itaima, aphunzitsi anzawo akutsika, ambiri a iwo ana a dzulodzuloli okhala ndi madigiri, akuwerenga chikwangwani cholembedwa FETELEZA pamwamba pa chimanga chofika m'chiuno. Ndani akanakhulupirira kuti anathira bwino? Akanati mkuluyu anachulutsa, kapena anaiwala, kapena fetelezayo anakathira kumunda kwake. Kunena kuti sindidziwa pamaso pa ana kunali kokoma. Kunena pamaso pa Boyd inali nkhani ina.

Lamulungu anatsogolera mapemphero monga mwa nthawi zonse. Potuluka, m'malo molunjika kunyumba, anadzera kusukulu ali m'suti, Baibulo kukhwapa. Pasukulu panalibe munthu. Anaima pakati pa ndime zija nthawi yaitali. Mlendo ndi mame, anadziuza, sachedwa kukamuka. Ndi tsiku limodzi lokha. M'mawa awafotokozera ana kuti ndi zongochingamira alendo, Lachiwiri abweza zonse m'malo mwake, kufufuza kupitirire. Zabodza zimene munthu amadziuza yekha zimakhala zosalala chomwecho. Anaika Baibulo pa udzu, nazula chikwangwani cha FETELEZA ndi cha CHOPANDA KANTHU, n'kuzisinthanitsa, napondaponda dothi patsinde.

"Pa Sabata mwalowa m'munda ndi nsapato za kutchalitchi?" anafunsa a Lusiya ataona matope.

"Ndimangoona chimanga."

Lolemba lole inafika msanga, ana ali pamzere wa m'mawa. Mpata wofotokoza uja sunapezeke. Panali kupatsana moni, kunyamula mabenchi, a hedi kulankhula mawu olandira alendo amene sanafune kutha, kenaka gulu lonse linazungulira labu, alendo patsogolo, ana a Giredi 9 pambuyo.

A Shawa sanayang'ane munda. Anayang'ana ana. Anaona maso awo akufika pa zikwangwani, akuima, akubwerera kwa iwo, kenaka akugwa pansi. Palibe anaseka, palibe ananong'ona. Ana a kuno amaphunzira asanayambe n'komwe sukulu kuti pakhomo pakafika alendo, za m'nyumba sizituluka, ndipo kholo likavala malaya motembenuza sulidzudzula pagulu. Anamvetsa zonse popanda kuuzidwa, ndipo kumvetsa kwawoko kunawawawa a Shawa kuposa mwano.

"Iyee, ba mbuya, mwanichititsa manyazi!" anafuula Boyd, akupapasa chimanga chachitali chija. "Onani feteleza mmene igwirira nchito! Kansi odya mbewa nawo aziwa kulima."

Alendo anaomba m'manja. Mayi Chulu sanaombe. Anayenda pang'onopang'ono kuzungulira ndime zonse, nagwira nsungwi zosemedwa zija, naima pang'ono pa dothi lopondedwa patsinde pa chikwangwani. Ngati anazindikira, a Shawa sanadziwe konse, ndipo sanadzafunsepo.

"Funso limeneli anafunsa ndani?" anatero potembenukira ana.

Zala zonse zinaloza Ketilina. Mtsikanayo anabwera patsogolo, manja kumbuyo.

"Dzina lako?"

"Ketilina Daka, amayi."

"Ketilina, usandiuze za m'buku. Waona chiyani?"

Funso lomwe lija la makandulo. Mtima wa a Shawa unagawika pawiri. Mbali ina inkapempha kuti mwanayo akhale chete. Mbali ina, ndipo inali yaikulu, inkakuwa kuti nena, mwanawe, nena, ndiyalutse pano pomwe. Akanatha kunena okha. Pakamwa panali pawo, ndipo liwu la paguwa lija linali lisanathe. Koma Boyd anali ataima pambali pawo akuseka, ndipo manyazi anawagonjetsa a Shawa.

Ketilina anayang'ana chikwangwani chimene analemba ndi dzanja lake, chitaima pa ndime imene sinali yake. Kenaka anayang'ana aphunzitsi ake, kamodzi kokha.

"Taona kuti chimanga cha feteleza chimakula kwambiri, amayi. Cha manyowa chimatsatira. Chopanda kanthu chimapinimbira."

Anayankha bwino, mawu omveka, osadodoma. Mayi Chulu anapinda manja n'kudikira, kudikira kwawo kuja kumene kunagonjetsa aphunzitsi ku Chipata. Mwanayo sanagonje.

"Palibe chimene chinakudabwitsa?"

"Palibe, amayi."

"Nanga zitini zili pakhomazo n'zachiyani?"

"Ndi zongosewera chabe, amayi."

A hedi anayambitsa m'manja, alendo n'kutsatira, wina n'kunena kuti mwanayu adzakhala dokotala.

Masana aphunzitsi anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti aliyense afotokoze za kusukulu kwake. Itafika nthawi ya Boyd, anaimirira akudzikanda m'mutu.

"Ine zanga zinasokonezeka. Tinabzala nyemba, zina pawindo, zina m'kabati mwa mdima, kuti tione kuti mbewu zifuna dzuwa. Manje za m'kabati ndiye zinatalika kupambana za pawindo! Zoyera, zoonda, koma zitalizitali. Ana ananifunsa, ine kulibe yankho. Anakangana masabata awiri, ena mpaka kufuna kumenyana."

Gulu linaseka mpaka misozi, ndipo onse anatembenukira kwa a Shawa, poti mwa mwambo inali nthawi yawo yomudya Mubemba wosaphika. Nthabwala sinabwere. Anangomwetulira ngati munthu wodwala dzino.

"Zimenezo ndizo ndinkafuna kumva," anatero Mayi Chulu. "Mwayesanso chiyani, a Kasonde?" Ndipo anakhala pa nyemba za Boyd mpaka dzuwa kupendeka, aphunzitsi akulimbana, ena kujambula pansi ndi timitengo.

Pokwera lole, mayiyo anawagwira dzanja a Shawa ndi manja awiri.

"Munda wanu ndi wosamalika, a Shawa, mwagwira ntchito. Chisoni changa n'chakuti zonse zinakuyenderani monga mwa buku. Mwana uja ali ndi maso. Akanakumana ndi chinthu chomukanika, bwenzi lero titamumva."

A Shawa anatsegula pakamwa. Dalaivala analiza injini, Boyd anakuwa za mbewa komaliza, lole n'kunyamuka ndi fumbi lake.

Lachiwiri analawirira. Anazula zikwangwani ziwiri zija n'kuzibwezera m'malo mwake, ndipo mtima unapepukako. Mame akamuka, anaganiza, tsopano tipitirize. Koma atazungulira khoma, pamene panali zitini panali mabwalo a chinyezi okhaokha. Zitinizo anazipeza pakhomo pa labu, zitatsukidwa mbee, zitasanjikizidwa mwaudongo. Dothi linali litakhuthulidwa kudzala mulu umodzi, la ndime zonse zitatu kusakanikirana, timbewu tija tili gonegone pamwamba, mizu kudzuwa.

Analowa m'kalasi atanyamula chitini chimodzi. Ana anaimirira, napereka moni, nakhala.

"Ketilina, zitini zija bwanji?"

Anaimirira. "Ndatsuka, aphunzitsi. Ndimati mwina amayi kunyumba azifuna."

"Nanga funso lako?"

A Shawa anaika chitini patebulo. Chimene anachita pamenepo anali asanachionepo chikuchitidwa ndi mphunzitsi aliyense, ngakhale bambo awo a ku Tamanda.

"Ana inu, zikwangwani zija ndinasintha ndine, Lamulungu. Ndinaopa kusekedwa. Ndinalakwa, ndipo ndinakulakwirani inu, makamaka iwe Ketilina. Ndazibwezera. Dothi lilipo, zitini zilipo, tingayambenso lero lomwe."

Ana anazunzika m'mabenchi. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, kupepesa ana! Ena anabisa nkhope, ena anayang'ana pawindo kufuna kothawira. A Shawa ankayembekeza mkwiyo, ndipo akanaulandira ndi manja awiri. Ketilina anapinda maondo pang'ono mwaulemu, monga amachitira mwana woleredwa bwino.

"Palibe mlandu, aphunzitsi."

Ananena mofatsa, mopanda mangawa, ngati mmene umayankhira munthu wachilendo amene wakuponda phazi m'basi. Anakhala pansi, natsegula kope lake. Patapita kanthawi dzanja lake linakwera, kungofika paphewa ngati tsiku loyamba lija, ndipo mtima wa a Shawa unadumpha.

"Funsa, mwanawe. Funsa."

"Pa mayeso a Novembala akafunsa za feteleza, tilembe ziti? Za m'munda, kapena za dzulo?"

Sankanyoza. Ankafunadi kudziwa. Mayeso a Giredi 9 ndiwo ankagamula amene apitirire sukulu ndi amene abwerere kukagwira khasu, ndipo kutsidya kwa dambo kunali bambo amene analephera kugula feteleza koma sanalephere kugula yunifomu. Sabata yatha a Shawa akanatha kumuuza kuti buku limanena zimene zimachitika kawirikawiri, munda wathu wanena zimene zachitika kuno, tiyeni tipeze chifukwa, ndipo akanawakhulupirira. Lero mawu omwewo akanamveka ngati kusinthanso zikwangwani. Anawayesa mumtima, nawapeza opanda mphamvu. Kumunamiza kachiwiri sakanatha, ndipo choona chimene chinatsala chinali chimodzi.

"Lemba za m'buku," anatero, liwu la paguwa lija litathawa.

"Zikomo, aphunzitsi."

Ketilina anawerama n'kulemba, kalasi yonse n'kuwerama naye. Chimene chinakulitsa chimanga chopanda kanthu chija, kaya linali khola, kaya chulu, kaya ng'amba, palibe anadzachidziwa, ndipo chisoni cha zimenezi a Shawa anapita nacho ku penshoni. Koma m'mawa umenewo anali akuyembekezabe. Anaima kutsogolo, choko m'manja, nakhala chete monga anaphunzirira ku Chipata, kudikira funso lina. M'kalasi munkangomveka zolembera zikukwakwaza pamapepala, phokoso limene analimva moyo wawo wonse n'kumaliyesa maphunziro. Anadikira mpaka belu linalira.